Mbiri ya Super League, Poiyang'ana Kuchokera ku Lifuwu

Super League ya dziko lino inayamba mu 1986 ndi matimu asanu ndi atatu. Asanu anachokera mu ligi ya Blantyre ndi maboma ozungulira, omwe ndi Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, MDC United, ADMARC Tigers ndi Red Lions ya ku Zomba. Atatu otsalawo anachokera mu ligi ya Lilongwe: Silver Strikers, Civo United ndi MITCO. Ndalama zoyendetsera mpikisanowu zinachokera ku kampani ya malezala, n'chifukwa chake dzina lake loyamba linali Gillette Nacet Super League. M'chigawo chonse chakumpoto munalibe timu yomwe inalowamo. M'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Karonga kudutsa ku Nkhotakota ndi kuno ku Salima mpaka ku Mangochi, munalibenso ngakhale imodzi. Komabe kuyambira tsiku loyamba anthu anauzidwa kuti iyi ndi ligi ya dziko lonse.

Mayina asanu ndi atatuwo akunena okha amene anali mwini mpira masiku amenewo. Bata inkapanga nsapato, Limbe Leaf inkagula fodya, MDC inali kampani ya boma yoona za chitukuko, ADMARC inkagula mbewu za alimi, MITCO inkanyamula katundu. Silver Strikers inali ya banki yaikulu ya Reserve, Civo inali ya ogwira ntchito m'boma, Red Lions inali ya asilikali a ku Cobbe Barracks. Mnyamata waluso ankapatsidwa ntchito ya ukalaliki kapena ya m'sitolo ya kampani, malipiro akubwera pakutha pa mwezi, masana akupita kukachita zokonzekera. Timu yolowa mu ligi yaikulu inayenera kukhala ndi bwana wokhala ndi basi, ndi bwalo, ndi thumba lolipira anyamata. Kuno ku Lifuwu, m'boma la Salima, bwana wotere kunalibe. Kunali malo a boma ofufuzira za mpunga, alimi a Faya ndi Kilombero, ndi asodzi a usipa ndi utaka. Anyamata othamanga ndi mpira pamchenga analipo ambiri, koma njira yochokera pamchengapo kukafika ku Kamuzu Stadium inali imodzi yokha: kusamuka, kukasaka ntchito m'tauni.

Kuti tione bwino mmene zinafikira pamenepa tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'nthawi ya atsamunda mpira unali wogawanika potengera khungu, azungu ndi bungwe lawo, anthu akuda ndi lawo. Ufulu utabwera, mu 1966 kunakhazikitsidwa Football Association of Malawi, FAM, yomwe posakhalitsa inalandiridwa ku FIFA ndi ku CAF. Mu 1974 boma linakhazikitsa Malawi National Council of Sports kuti liziyang'anira mabungwe onse a zamasewero. Pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi panalibe bungwe lomwe likanayenda palokha, ndipo mpira sunali wosiyana. Chikho cholemekezeka koposa chinali Kamuzu Cup. Bwalo lalikulu la ku Blantyre, lomwe atsamunda ankalitcha Rangeley, linapatsidwa dzina la Kamuzu. Timu ya dziko itatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi mu 1979, komanso itafika ku African Cup of Nations koyamba mu 1984, ulemu wonse unkaperekedwa kwa Ngwazi Kamuzu.

Chomwe chinasintha mapu a mpira kwambiri m'zaka zimenezo sichinachitikire pabwalo. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo maofesi a boma ndi antchito ake anatsatira. Apa mpamene Lilongwe inapezera matimu otha kulimbana ndi a ku Blantyre. Pakanapanda chiganizo cha Kamuzu chosamutsa likulu, sipakanakhala Silver ndi Civo zamphamvu, ndipo sipakanakhalanso chifukwa chophatikizira maligi awiri mu 1986. Super League inabadwa ngati mgwirizano wa mizinda iwiri, umodzi wa malonda, wina wa boma. Mzuzu inadzalowa pambuyo.

Zaka zoyambirira zinali zokoma kwa okonda mpira. Bullets inatenga ukatswiri mu 1986, Civo mu 1987, MDC United mu 1988, ADMARC Tigers mu 1989, Wanderers mu 1990. Zaka zisanu, akatswiri asanu osiyana. Izi zinatheka chifukwa makampani onsewa anali ndi mphamvu zofanana ndithu, ndipo panalibe timu yotha kugula osewera abwino onse.

Nanga zinatheka bwanji kuti mudzi wa kunyanja ngati Lifuwu, womwe unalibe gawo mu ligiyi, udzale ndi Maule ndi Manoma, ochemerera Bullets ndi Wanderers? Yankho ndi wailesi. Kuyambira 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990, mawu a m'dziko muno pa mphepo anali a MBC yokha. Wailesi imodzi imaulutsa masewero amodzi pa nthawi imodzi, ndiye wina ku likulu la MBC ku Chichiri ankayenera kusankha kuti Loweruka lino dziko limvera ati. Kawirikawiri ankasankha a Bullets kapena a Wanderers, chifukwa ndi omwe anali ndi ochemerera ambiri komanso bwalo lawo linali pafupi ndi nyumba youlutsira mawu. Kusankha kumeneko kunkabereka ochemerera enanso. Munthu wosoka chilimira pansi pa mtengo, wailesi ya mabatire itapachikidwa pa thandala loyanikapo usipa, ankamva dzina la Kinnah Phiri, pambuyo pake la Lawrence Waya, mpaka mayinawo analowa m'mitima ya ana omwe sanaonepo Blantyre. Oulutsa ngati Steve Liwewe Banda anaphunzitsa dziko lonse chilankhulo cha mpira, ndipo pa ichi tiyenera kuwathokoza. Koma tivomerezenso kuti wailesi yomweyo inaphunzitsa mnyamata wa ku Salima kuti mpira weniweni umachitikira kwina, ndipo wa pabwalo la kusukulu kwawo ndi wongotayitsa nthawi.

Ndale zitasintha mu 1993 ndi 1994, maziko a ligi anagwedezeka. Boma latsopano, motsatira uphungu wa World Bank ndi IMF, linayamba kugulitsa makampani ake ndi kuchepetsa ndalama zomwe otsalawo ankaononga. Pa kampani yomwe ikuchotsa anthu ntchito, timu ya mpira ndi yoyamba kuiona ngati katundu wolemetsa. MITCO inazimiririka. MDC United, yomwe inali ndi ochemerera ake okhulupirika, inatha pamodzi ndi kampani yomwe inaibereka. Tigers inasiyidwa ndi ADMARC n'kumasintha mayina malinga ndi yemwe waigwira dzanja. Wanderers inakhala Telecom, kenako MTL, kenako Be Forward, kenako Mukuru. Bullets inachoka m'manja mwa Bata n'kukhala Total Big Bullets. Ngakhale ESCOM United, yomwe inatenga ukatswiri kawiri, mu 2007 ndi mu 2011, inafa kampani ya magetsi italeka kuithandiza. Timu yomwe dzulo inali pamwamba inkatha chifukwa cha kalata imodzi yochokera ku bodi ya kampani.

Mpata womwe makampani anasiya unatsekedwa ndi andale. Chitsanzo chachikulu ndi cha mu 2003, pomwe mtsogoleri wa dziko Bakili Muluzi anatenga Bullets n'kuyamba kuithandiza yekha, timu n'kutchedwa Bakili Bullets. Ndalama zinalipo, osewera abwino anasonkhana, ndipo mu 2004, pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri, timuyi inatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kufika m'magulu a CAF Champions League, komwe inakumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Aliyense amene anamvera masewero amenewo amakumbukira chimwemwe chake, ndipo sindikufuna kuchichepetsa. Koma nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Muluzi atachoka pampando thandizo lija linaphwa, timu inalowa m'ngongole, ndipo itatha kutenga ligi zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005, inakhala osaitenganso mpaka 2014. Panthawi ya ulemerero wa Bullets matimu ena analibe mpata. Panthawi ya mavuto ake ligi yonse inasowa anthu pachipata. M'zaka zomwezo bwalo la ku Blantyre linasinthidwa dzina kukhala Chichiri Stadium mu ulamuliro wa Muluzi, kenako n'kubwezeredwa la Kamuzu mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika.

Bingu anabwera ndi njira yake. Mu 2009 anayambitsa Presidential Cup, chikho chomwe chinkayambira m'maboma n'kumakwera mpaka matimu a m'midzi akumane ndi a mu Super League. Pa zonse zomwe andale achita mu mpira wathu, ichi ndicho chinafikako kwa anthu ngati a ku Lifuwu, chifukwa timu ya kumudzi inkatha kulembetsa, kusewera pa boma, n'kuona kuti ili pa msewu umodzi ndi Silver ndi Wanderers. Vuto linali lomwe lija: chikho chinali cha mtsogoleri, ndalama zake zinkadalira bajeti ya boma, ndipo patapita zaka zochepa chinaleka.

Apa ndi pomwe Salima imalowera m'mbiri imeneyi, ndipo imalowa kudzera pa sukulu. Pa msewu wochoka pa boma kupita ku Senga Bay pali Malawi Armed Forces College, MAFCO, yomwe inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi dzina loti Kamuzu Military College. Ndi komwe asilikali atsopano ndi akuluakulu awo amaphunzirira. Timu ya sukuluyi ndiyo yakhala ikunyamula dzina la boma lino mu Super League, ndipo mu 2013 inatenga Presidential Cup. Kwa kanthawi kochepa kunalinso Airborne Rangers ya asilikali a maparachuti a ku Senga Bay. Kukwera kwa matimu a asilikali sikunali mwangozi. Makampani atathawa, olemba ntchito okhawo omwe anatsala ndi mphamvu zolipira mnyamata mwezi ndi mwezi, kumpatsa nyumba ndi kumunyamula pa galimoto popanda kuyang'ana ndalama zapachipata anali asilikali, apolisi ndi boma. Choncho ligi ya matimu 16 inafika pokhala ndi Red Lions, Moyale Barracks, Kamuzu Barracks ndi MAFCO, onse a bwana mmodzi, kuphatikizapo Blue Eagles ya apolisi, Silver ya banki ya boma ndi timu ya ogwira ntchito m'boma. Mu 2016 Kamuzu Barracks inakhala timu yoyamba ya asilikali kutenga ukatswiri wa ligi.

Anthu akhala akudandaula kuti bwana mmodzi sayenera kukhala ndi matimu ambiri mu ligi imodzi, ndipo dandauloli lili ndi mutu, makamaka kumapeto kwa nyengo pamene timu imodzi ikufuna mapointi kuti isatuluke ndipo ikukumana ndi mbale wake. Komabe kwa mnyamata wa kunyanja amene alibe wachibale m'tauni, timu ya asilikali ndi khomo lenileni. Akaoneka bwino amalembedwa usilikali, ndipo mwendo ukadzathyoka ntchito imatsala. Matimu a anthu wamba ambiri sangalonjeze zimenezi.

Chondiwawa pa nkhani ya MAFCO ndi bwalo. Malamulo a FAM opereka ziphaso kwa matimu, omwe anachokera ku CAF, amafuna bwalo lokhala ndi mpanda, zipinda zosinthira zovala, malo a atolankhani ndi njira yotolera ndalama pachipata. Chifukwa cha zimenezi, kwa nyengo zambiri MAFCO yakhala ikulandira alendo ake ku Chitowe Stadium ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, bwalo la kampani ya shuga. Kuchoka pa Salima kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 150 pa msewu wa M5. Munthu wa ku Lifuwu wofuna kuonera timu ya boma lake ili pakhomo ayenera kulawira m'mamawa, kukwera njinga yamoto mpaka pa msewu wa tala, kupeza galimoto yopita pa boma, kenako minibasi ya ku Nkhotakota, kenako ina ya ku Dwangwa, ndipo masewero akatha madzulo alibe chobwerera tsiku lomwelo. Ndalama zake zikhoza kugula thumba la chimanga. Ndani angapite? Chomwe amachita ndi kulowa mu vidiyo sho ya pamsika, kulipira kandalama kochepa pakhomo, kukhala pa benchi m'chipinda chotentha cha malata, jenereta ikulira kuseri, n'kuonera Arsenal kapena Manchester United. Mwana wa ku Lifuwu amadziwa osewera a ku London kuposa a timu yomwe imachitira zokonzekera zake pamtunda woyenda ndi njinga kuchokera kwawo. Ngakhale kampani ya shuga ya m'boma lino, Salima Sugar, itafuna kuika dzina lake pa malaya a timu ya mu Super League, inakaliika pa Dedza Dynamos.

      

Kupatula MAFCO, matimu a sukulu zaukachenjede sanalimbe mu ligi yaikulu. Mzuni FC ya Mzuzu University inasewera mu Super League zaka zingapo ndipo inkavutitsa matimu akuluakulu akapita kumpoto, koma yunivesite italephera kupitiriza kuithandiza inasintha dzina kukhala Mzuzu Warriors, n'kutuluka mu ligi. Yunivesite ya boma yomwe ikusowa ndalama za mabuku ndi zogona ophunzira siingathe kulipira basi yochoka ku Mzuzu kupita ku Mulanje sabata ndi sabata. MAFCO yapirira, ngakhale inatsikapo n'kukweranso, chifukwa kumbuyo kwake kuli gulu lankhondo lonse.

Mu 2007 kampani ya mafoni ya TNM inayamba kuthandiza ligi, ndipo dzina loti TNM Super League linakhazikika pakamwa pa anthu kwa zaka zambiri. Uwu unali mtendere womwe bungwe loyendetsa ligi, SULOM, linali lisanauonepo: mphoto zodziwika, tsiku loyambira lodziwika. Mtengo wa mtenderewo unaoneka mu 2017. Mu mgwirizano munali mfundo yoletsa makampani opikisana ndi TNM kulowa mu mpira wa mu ligi. Bungwe loona za mpikisano pa malonda, Competition and Fair Trading Commission, linati mfundoyo njosayenera, ndipo TNM inalengeza kuti yaimitsa thandizo lake nyengo ili pafupi kuyamba. Zinatengera boma kulowererapo kuti kampaniyo ibwerere. Chaka chomwecho Airtel inayambitsa chikho cha Top 8. Nkhani imeneyi inaonetsa poyera kuti SULOM, yomwe imasankhidwa ndi matimu, inalibe mphamvu zoyambitsa ligi yake popanda chilolezo cha kampani imodzi ndi dalitso la nduna.

Mbali ya kanema yakhala yofooka kwambiri. Television Malawi inayamba mu 1999, Zodiak inatsegula wailesi yake mu 2005, ndipo mawailesi ambiri a m'madera anatsatira. Kwa nthawi yaitali aliyense ankangofika pabwalo ndi zida zake n'kuyamba kuulutsa, akupeza otsatsa malonda, matimu osalandirapo kanthu kooneka. SULOM itayesa kugulitsa ufuluwu kwa kanema mmodzi, Beta TV, mu 2016, ndalama zomwe analonjezana sizinabwere monga mwa pangano ndipo mgwirizanowo unatha. Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo mu 2020, matimu anazindikira mowawa kuti moyo wawo wonse unali pa chipata. FAM inayambitsa Mpira TV poyesa kuti mpira uzidzigulitsa wokha. Kuulutsa kwakula ndithu, ndipo lero munthu wokhala ndi foni ndi bandulo amatha kuonera masewero ali m'bwato. Koma makamera ndi ochepa, ndipo amapita komwe kuli Bullets, Wanderers ndi Silver. Masewero a matimu atatuwa ndi omwe amaikidwa pa tsiku labwino; a matimu ena amakankhidwira pakati pa sabata masana, anthu ali ku ntchito, poti mabwalo ambiri alibe magetsi oseweretsa usiku.

Kagawidwe ka ndalama zapachipata nakonso kamajambula mapu. Kwa zaka zambiri, zolipira zikachotsedwa, mwini bwalo ankatenga 25 pa 100 iliyonse, timu iliyonse 25, ndipo zotsalazo zinkagawidwa kwa FAM, SULOM ndi Sports Council. Timu yaing'ono yopanda bwalo lake imadikira masewero awiri kapena atatu pa chaka, a Maule, Manoma ndi Silver, kuti ipezeko kenakake, ndipo nthawi zina imalolera kusamutsa masewero ake apakhomo kupita ku bwalo lalikulu la mumzinda kuti anthu alowe ambiri. Ochemerera ake enieni amatsala, ndipo timu imasewera ngati mlendo pa tsiku lomwe inayenera kukhala mwini khomo.

Mabwalo ndiwo andale amakonda kwambiri. Bingu National Stadium, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, inakokedwa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe malinga ndi yemwe anali pampando, mpaka boma la Joyce Banda linakhazikitsa kuti imangidwe ku Lilongwe. Inatsegulidwa mu January 2017. Pa 6 July chaka chomwecho anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pachipata chake pofuna kulowa kukaonera ulere Bullets ndi Silver pa chikondwerero cha ufulu. Mu 2019, chisankho chili pafupi, Peter Mutharika analonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers bwalo lililonse lakelake ndi ndalama za boma. Matimu awiriwa ali mumzinda umodzi womwe uli kale ndi Kamuzu Stadium, ndipo Bullets inali itagulidwa kale ndi Nyasa Manufacturing Company, kampani ya anthu wamba. Chifukwa cha lonjezolo chinali chosabisika: matimu awiriwa ali ndi mavoti m'boma lililonse la dziko lino, mavoti omwe wailesi ija inawasonkhanitsira. Ndalama za misonkho ya msodzi wa ku Lifuwu zinaloza ku Blantyre, timu ya boma lake ikusewerera ku Dwangwa. Pomwe boma lamanga mabwalo apakatikati m'maboma, monga ku Karonga, ku Rumphi, ku Dedza ndi ku Mulanje, zotsatira zake zaoneka msanga: matimu a kumeneko akwera, anthu adzaza bwalo, ndipo ligi yafika komwe mu 1986 sinkalota kufika. Bwalo la Karonga likadzaza pa tsiku la masewero, palibe amene angakayike kuti anthu a kunyanja amakonda mpira wa kwawo akaupeza pafupi.

Ngakhale funso loti ndani watuluka mu ligi silinakhale la pabwalo pokha. Civo United itatsika mu 2016, timu inzake ya Epac, yomwe inapulumuka, inasinthidwa dzina n'kukhala Civil Sporting Club, ndipo ogwira ntchito m'boma anapitiriza kukhala ndi timu mu Super League ngati palibe chachitika. Timu ya kumudzi ikatsika imatsikiratu, ndipo nthawi zambiri imatha.

Utsogoleri wa SULOM ndi wa FAM wakhala ukulowana. Walter Nyamilandu anatsogolera FAM kuyambira 2004 mpaka December 2023, pomwe anagonja kwa Fleetwood Haiya, yemwe anali mtsogoleri wa SULOM ndipo anachokera ku Bullets. Pansi pa utsogoleri watsopanowu, mu 2025, kunayamba National Division League yothandizidwa ndi NBS Bank, ligi yachiwiri ya dziko lonse yokhala pakati pa Super League ndi maligi a m'zigawo. Uku ndi kusintha kwakukulu pa kamangidwe ka mpira wathu chiyambire 1986. Kale katswiri wa chigawo chilichonse, kum'mwera, pakati ndi kumpoto, ankakwera molunjika, choncho chigawo chilichonse chinali ndi khomo lake chaka ndi chaka. Tsopano okwera akuchokera mu ligi yatsopanoyi. Cholinga chake n'chomveka, chifukwa matimu ambiri ankakwera asanakhwime n'kutsika chaka chomwecho, ngongole zili m'khosi. Koma ligi yoyenda dziko lonse imafuna mafuta, malo ogona ndi chakudya cha anthu makumi atatu sabata iliyonse, ndipo omwe angakwanitse ndi omwe aja: asilikali, apolisi, mipingo ikuluikulu, matimu a anthu olemera. Ndikuopa kuti sefa yatsopanoyi izisefa matumba kuposa miyendo.

Kumudzi kweniko mpira sunafe. Ku Lifuwu ndi midzi yozungulira anyamata amasonkherana ndalama zogulira mpira, amabwereka lole yonyamula mpunga kuti akasewere kutsidya, ndipo atsikana a ntchemberembaye amasewera pambali pa bwalo lomwelo. Mipikisano yomwe imabweretsa yunifolomu ndi kandalama ndi ya mabonanza a aphungu ndi ofuna uphungu, yomwe imachuluka chisankho chikayandikira n'kuzilala mavoti akawerengedwa. Mabonanzawa salumikizana ndi ligi iliyonse, ndipo wopambana sakwera kupita kulikonse. Zikho monga Castel Challenge Cup, chomwe chinayamba mu 2023 ndipo chimayambira m'maboma, zatsegulako kanjira, koma chikho ndi cha masiku ochepa. Timu ya ku Lifuwu yofuna kufika pomwe pali MAFCO iyenera kudutsa ligi ya boma la Salima, kenako magawo a ligi ya chigawo chapakati yomwe kwa zaka zambiri yathandizidwa ndi Chipiku, kenako National Division League. Ikapyola zonsezo, oyendera mabwalo a FAM adzabwera kudzaona komwe izilandirira alendo, ndipo pokhapokha boma ndi khonsolo atamanga bwalo lovomerezeka pa Salima, adzailozera ku Dwangwa kapena ku Lilongwe.